Maenje Anayi pa Chitakale

Ndine ndinakumba maenje anayi aja.
Lachiwiri, chiperoni chikutsika m'phiri,
ine ndi Wyson Namakhwa, mgwala umodzi tikulandizana,
tinaboola katondo mpaka m'chiuno.
Lachinayi inabwera lole ya zitsulo,
naimika chikwangwani chotalika kuposa tchalitchi chathu.

Pamenepo pali mayi wothyola tiyi,
mano mbee, ngati sanalumepo chinangwa chouma,
zala zake zosang'ambika, dengu lake latsopano.
Ku esiteti konse palibe amene akumudziwa.
Pansi pake malemba ofiira:
MALIPIRO AKWERA. BOMA LIKUKUGANIZIRANI.
Ndinawerenga nambalayo kawiri,
ndinapisa m'thumba, ndinawerenga za ganyu wanga.
Zinaperewera.
Kapitawo anati, "Zimenezo n'za olembedwa, achimwene,
inu mwangokumba."

Chiyambire tsikulo uthengawo sutisiya.
Uli pa wailesi m'mawa, uli pa wailesi usiku,
uli pa malaya a anyamata a kabaza,
uli pa chitenje chimene mlongo wanga Esinala anaphera pansi pa msonkhano
n'kuberekera mwana wodwala.
Akuti ku loji anakhala masiku atatu
kukambirana mtundu wa utoto.
Ine ndingofunsa: mfuu yonseyi yadya zingati?
Wasaina ndani? Lisiti lake lili m'kabati iti?
Ng'oma yanenepa, wovina nthiti zili pamtunda.

Koma za Esinala ndisazilumphe.

Kamunda ka malemu mayi athu
kapanikizika pakati pa mpanda wa esiteti ndi khwawa:
mizere ya chinanazi, nandolo m'mbali,
ndi mtengo wa mapeyala umene walipira fizi ya ana atatu.
Kunabwera anthu a makina a miyendo itatu,
pa majekete awo dzina lachilendo, osati tambala kapena mkango.
"Boma latipatsa ife ntchitoyi. Kulembetsa n'kolipira."
Esinala anagulitsa mbuzi ndi kamwana kake komwe.

Pepala linabwera patatha miyezi isanu ndi iwiri.
Dzina lake analidula mchira,
ndipo mzere wa malire unakhota mwaulemu
kusiya mtengo wa mapeyala kunja.

Ku boma anati, "Pitani ku kampani."
Ku kampani, kachipinda ka lendi kuseri kwa sitolo ya zitsulo,
mtsikana wa pa kompyuta anati, "Netiweki yathawa,
mabwana ali ku Limbe."
Nambala ya ku Limbe imangoimba nyimbo.
Maulendo anayi, thiransipoti ya ngongole,
tsiku lililonse lojomba ku tiyi akulidula.

Phungu timamudziwa nkhope, timadziwa ndi geti lake.
Khansala timakumana naye pa maliro.
Nanga kampani tinaivotera liti?
Tikaichotse pa chisankho chiti?
Dothi limene agogo analanditsa kamodzi kwa obwera pa sitima
lero tikuligula kwa obwera pa galimoto yopanda chizindikiro,
ndipo buku la mayina athu
likugona m'nyumba ya munthu amene angathe kugwa bizinesi mawa.

Madzulo ndikamachokera ku Nkhonya ndimadutsa pomwepo.
Mthunzi wa chikwangwani umafika kutsidya kwa msewu,
ndinaupima ndi mapazi:
ukuposa dimba la Esinala ndi mapazi khumi ndi awiri.
Amayi ogulitsa nthochi asamukiramo,
akuti ndi phindu lokhalo limene aonapo.

Ndawauza asunthe.
Ndinalipo pothira konkire:
pa pepala matumba khumi a simenti,
m'maenje atatu okha, ena anakwera lole yomweyo kubwerera.
Wowerengera ndalama za boma mwina sadzafika kuno,
koma mwera sulandira envulopu.
Ukadzaomba bwino mwezi wa Julayi
mayi wa mano oyera uja adzagwada yekha,
adzaona pafupi dothi limene amatimwetulirapo.

Wyson akuti zitsulozo tidzagulitse pa sikelo.
Ine ndikufuna nsalu yakeyo;
denga la Esinala likudontha.